Kugula kompyuta ya magemu ndi ndalama zochepa: zoyenera kuona musanalipire

Pafupifupi sabata iliyonse munthu amanditumizira chithunzi pa WhatsApp. Chimakhala bokosi la galasi lowala mitundumitundu, pansi pake atalemba kuti "Gaming PC, Core i7, 4GB graphics", kenako funso: "Achimwene, iyi ili bwino? Ndikatenge?" Ndayankha funsoli kambirimbiri, ndipo chimene chimandipweteka n'choti ena amandifunsa ndalama atapereka kale. Mwana wa achemwali anga anasunga ndalama miyezi yambiri, nakagula bokosi lotere kwa munthu wina wa pa intaneti. Titalitsegula tinapeza purosesa ya 2012, ndiye ubongo wa kompyutayo, ndi khadi lojambula zithunzi lomwe silingayendetse ngakhale gemu ya mpira imene anagulira kompyutayo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndaganiza zolemba zonse pano kamodzi kuti wina akandifunsa ndizingomulozera.

Ndikunena za kompyuta ya patebulo yolumikizidwa kale, yongofika n'kuyatsa. Zilipo za mitundu itatu. Pali zatsopano zochokera ku fakitale, monga HP Victus, Lenovo LOQ ndi Acer Nitro. Pali zimene mwini sitolo walumikiza yekha pogula zipangizo pachokhapachokha. Ndiye pali za kaunjika, zomwe ambiri amazitchula kuti ex-UK: makompyuta amene anagwira ntchito m'maofesi akunja, monga Dell OptiPlex kapena HP EliteDesk, wina n'kuikamo khadi la magemu. Mitundu yonseyi ili ndi zabwino ndi zoipa, ndipo njira yoziyesera ndi imodzi. Mitengo ya m'makwacha sindilemba. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene ndingalembe lero ukhala utasintha inu musanafike m'tauni.

1. Lembani magemu atatu amene mukufuna kusewera

Musayambe ndi kuyang'ana makompyuta. Tengani pepala mulembe magemu atatu amene mudzasewere kwenikweni. Mukatero fufuzani gemu iliyonse pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, kapena pa tsamba la eni ake, mutsike m'munsi pomwe alemba System Requirements. Mupeza magawo awiri: Minimum ndi Recommended. Minimum ikutanthauza kuti gemuyo itseguka ndipo iyenda, koma mutatsitsa kukongola konse. Recommended ndiye pomwe mumasewera mtima uli m'malo. Inu lozani pa Recommended.

Mwachitsanzo EA Sports FC 24, imene ambiri timangoitchulabe kuti FIFA, imafuna khadi losachepera GTX 1050 Ti kapena RX 570, RAM ya 8GB, ndiye pomwe kompyuta imaika zimene ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo, ndi malo osungira a 100GB. Pa Recommended analemba GTX 1660. Ngati magemu anu ndi mpira, GTA V, Fortnite ndi Counter-Strike 2, simukufunika kompyuta yodula kwambiri. Ngati pa pepala lanu pali magemu akuluakulu otuluka chaka chino, dziwiranitu kuti ndalama iyenera kukwera.

Mawu awiri oti muwadziwe. 1080p ndi kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi pa sikirini, 1920 m'mbali ndi 1080 chotsika. Fps ndi chiwerengero cha zithunzi zimene kompyuta ikujambula pa sekondi imodzi. Zikakhala 60 gemu imayenda mosalala, zikatsika pansi pa 30 imayenda modukizadukiza. Munthu woyamba kumene alinge pa 1080p ndi 60 fps. Za 4K zisiyeni kaye.

2. Gawani ndalama musanapite m'tauni

Bokosi lokha silisewera gemu. Pafunika sikirini, kiyibodi, mausi, chotetezera magetsi, ndi bando yotsitsira magemuwo. Ine ndimalangiza kuti pa ndalama zonse zimene muli nazo, gawo limodzi mwa magawo anayi muliike padera la zinthu zimenezi. Kiyibodi ndi mausi gulani wamba, zowala mudzagula m'tsogolo. Ngati kunyumba kuli TV yokhala ndi HDMI, ikhoza kugwira kaye ntchito ya sikirini, bola mutsegule Game Mode m'zosankha zake kuti chithunzi chisamachedwe. Koma ndalama ya chotetezera magetsi musaikhudze, ngakhale wogulitsa atakuonetsani bokosi lokongola bwanji.

3. Yang'anani khadi poyamba

Graphics card, kapena kuti GPU, ndi khadi lojambula zithunzi za gemu. Pa kompyuta ya magemu chimenechi ndiye chipangizo chachikulu, ndipo ndi pomwe anthu ambiri amapusitsidwa. Wogulitsa akalemba kuti "4GB graphics" osatchula dzina la khadilo, sanakuuzeni kanthu. 4GB ndi kukula kwa nkhokwe ya khadilo, osati mphamvu yake. GT 730 ilipo ya 4GB, ndipo ndi khadi longoonetsera zithunzi za mu ofesi. GTX 1650 nayo ndi ya 4GB, koma imaiposa GT 730 kutalitali. Funsani dzina lonse ndi nambala yake. Akakana kutchula, pitani kwina.

Manambala a NVIDIA, kampani yopanga makhadi a GT, GTX ndi RTX, amawerengedwa motere: oyambirira akusonyeza m'badwo, awiri omaliza akusonyeza mphamvu mu m'badwo umenewo. Pa RTX 3060, 30 ndi m'badwo ndipo 60 ndi mphamvu. N'chifukwa chake nambala yaikulu siikhala yamphamvu nthawi zonse. Mayina oyamba ndi GT opanda X, monga GT 710, GT 730 ndi GT 1030, si makhadi oti mugulire kompyuta ya magemu.

Umu ndi momwe ndimawaikira makhadi amene amapezeka kawirikawiri pa ndalama zochepa, kuyambira pansi:

GTX 1050 Ti ya 2016 ndi GTX 1650 ya 2019, onse a 4GB. Mpira, GTA V ndi magemu akale amayenda. Apa ndiye poyambira, musatsikenso pansi pake. Pa awiriwa tengani 1650, chifukwa NVIDIA inasiya kutulutsa madalaiva atsopano a magemu a m'badwo wa GTX 10, mapulogalamu oyendetsa khadi, kumapeto kwa 2025.

RX 580 ya 8GB ya 2017 ndi GTX 1660 Super ya 6GB ya 2019. Amphamvu kuposa awo oyamba aja. RX 580 imadya magetsi ambiri, mawati pafupifupi 185, ndipo ambiri mwa makhadi amenewa anagwira ntchito usana ndi usiku m'manja mwa okumba ndalama za crypto. Sikuti onse ndi owonongeka, koma amafunika kuyesedwa mosamala.

RX 6600 ya 8GB ya 2021, RTX 3060 ya 12GB ya 2021, ndi RTX 4060 ya 8GB ya 2023. Ngati thumba likulola, fikani apa. Kwa ine RX 6600 ndi khadi limene limabweza ndalama ya munthu: limadya mawati 132 okha, ndipo magemu ambiri limawayendetsa bwino pa 1080p. Palinso chifukwa china. Magemu ena atsopano, monga Doom: The Dark Ages ya 2025, amakana kutseguka pa khadi lopanda ray tracing, njira yojambulira kuwala ndi mithunzi ngati zenizeni. Makhadi a GTX ndi RX 580 alibe, pamene RX 6600 ndi ma RTX onse ali nayo.

Samalani ndi makhadi a dzina limodzi koma osiyana m'kati. RTX 3050 ilipo ya 8GB ndi ya 6GB, ndipo ya 6GB ndi yofooka kuposa inzakeyo, imapitiriridwa ndi GTX 1660 Super yakale ija. RTX 3060 ya 8GB ndi yofooka kuposa ya 12GB. RX 580 yolembedwa 2048SP, imene imachokera ku misika ya ku China, mphamvu yake ndi ya RX 570. Sikuti makhadi amenewa ndi achabe, koma musalipire mtengo wa mkulu wake.

Palinso makompyuta opanda khadi, amene zithunzi zimajambulidwa ndi purosesa yomwe. Pa amenewa, wokhawo amene ndingavomereze ndi wokhala ndi purosesa ya AMD ya chilembo G kumapeto, monga Ryzen 5 5600G. Imayendetsa magemu opepuka mutatsitsa kukongola, ndipo mutha kudzaikamo khadi mukapeza ndalama. Akakuuzani kuti "Intel HD Graphics" ndi ya magemu, musamvere.

4. Dzina loti i7 lisakukopeni

Purosesa ndi yachiwiri. Mawu oti i3, i5 ndi i7 paokha sanena zambiri, chofunika ndi nambala yotsatira. Core i7-3770 inatuluka mu 2012. Core i3-12100 inatuluka mu 2022, ndipo pa magemu imaisiya i7 ija kumbuyo kwambiri. Pa Intel, nambala ikakhala ya manambala anayi, loyamba ndiye m'badwo: 3770 ndi m'badwo wachitatu, 8500 ndi wachisanu ndi chitatu. Ikakhala ya manambala asanu, tengani awiri oyamba: 12400 ndi m'badwo wa 12.

Malire anga ndi awa: Intel m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena AMD Ryzen 5 3600 kupita m'tsogolo. Chifukwa chake si liwiro lokha. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kapena Ryzen 2000 kupita m'tsogolo, pamodzi ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Amisiri ena amaikakamiza Windows 11 pa makompyuta akale ndipo imatseguka ndithu, koma magemu ena a pa intaneti, monga Valorant, amafufuza TPM ndi chitetezo china chotchedwa Secure Boot, akaziphonya amakana kuyamba.

Pa makompyuta atsopano otsika mtengo, mayina oti musangalale mukawaona ndi Core i3-12100F, Core i5-12400F, Ryzen 5 5500 ndi Ryzen 5 5600. Chilembo F pa Intel chikutanthauza kuti purosesayo siijambula zithunzi payokha, khadi likafa sikirini imada. Mukaona palembedwa "Xeon, yofanana ndi i7, 12 cores", dziwani kuti ndi purosesa yakale yochotsedwa m'makina a maseva, yoikidwa pa motherboard yopanda dzina, ndiye thabwa lalikulu lolumikizapo zipangizo zonse. Imagwira ntchito, koma ikavuta wokuthandizani amasowa. Munthu woyamba kumene aipewe.

5. RAM ndi SSD

RAM ikhale 16GB. 8GB imayendetsa mpira, koma mukatsegula Chrome pambali imayamba kubanika. Ndipo 16GB imeneyo ikhale timatabwa tiwiri ta 8GB, osati kamodzi ka 16GB. Tikakhala tiwiri purosesa imatunga mbali ziwiri nthawi imodzi, zimene amazitcha dual channel. Makompyuta ambiri a ku fakitale amabwera ndi kamodzi pofuna kuchepetsa mtengo. Ngati mwapeza yabwino koma ili ndi 8GB kamodzi, onani ngati pali mpata wina woikapo kachiwiri, ndipo funsani mtengo wake tsiku lomwelo, chifukwa RAM inakwera mtengo kwambiri padziko lonse kumapeto kwa 2025.

Windows ndi magemu zikhale pa SSD, chosungira mafayilo chachangu, osati pa hard disk yozungulira. 512GB ndiye poyambira, 1TB ndi yabwino. Ya 128GB kapena 256GB idzadzaza ndi gemu imodzi kapena awiri.

6. Power supply ndi bokosi

Pa zotsatsa malonda power supply sailemba, koma ndi chipangizo chimene chimadyetsa zina zonse magetsi, ndipo chikapsa chimatha kupsereza ndi zinzake. Ogulitsa ena amapulumutsira ndalama pamenepa podziwa kuti palibe amene ayang'ane. Pemphani atsegule chitseko cha m'mbali muwerenge chomata cha pa power supply. Mukufuna dzina lodziwika, monga Corsair, Seasonic, Cooler Master, be quiet!, FSP kapena Delta, ndi chizindikiro cha 80 Plus. Pa RX 6600 kapena RTX 3060, mawati 500 mpaka 550 a kampani yodziwika akwanira. Kabokosi kopepuka ngati chitini, kopanda dzina, kolembedwa 600W, musakakhulupirire.

Makompyuta a ex-UK ali ndi vuto lawolawo. Ambiri ndi timabokosi tating'ono tophwatalala, totchedwa SFF, ndipo power supply yake imakhala ya mawati 180 mpaka 240, yopanda chingwe chodyetsera khadi. Mumalowa makhadi aafupi okha osafuna chingwe, monga GTX 1650 yaifupi, RX 6400 kapena RTX 3050 ya 6GB. Komanso Dell, HP ndi Lenovo kawirikawiri amapanga mapulagi awoawo a m'kati, moti power supply wamba ya m'sitolo siilowa. Kompyuta yotere mukaigula, muigule mukudziwa kuti idzakhala momwemo mpaka kukalamba. Ngati ndalama zafika pamenepo, si tchimo: OptiPlex ya Core i5-8500, RAM ya 16GB ndi GTX 1650 ndi poyambira pabwino ndithu. Chimene ndimakana ndi khadi lalikulu lodyetsedwa ndi kachingwe kolumikiza kuchokera pa pulagi ya SATA, yodyetsera hard disk. Timeneti timatentha mpaka kusungunuka.

Bokosi likhale ndi polowera mphepo kutsogolo. Galasi lotseka kutsogolo konse limakongola, koma m'mwezi wa Okutobala, makamaka kwa inu a ku Chikwawa, Nsanje, Salima ndi Karonga, zipangizo zimaphikika m'katimo.

7. Yesani kompyutayo musanapereke ndalama

Apa ndiye pamene ambiri amalephera, ndipo si chifukwa chosadziwa. N'chifukwa cha manyazi. Munthu wafika m'sitolo, wogulitsa wamulandira bwino, wamuyatsira kompyuta, mafani akuwala, anthu ena akudikira kumbuyo. Kunena kuti "ndiyese kaye" kumaoneka ngati ukumutcha mnzako wakuba. Si choncho. Nthawi zina wogulitsayo nayenso anagula katunduyo osamuyesa, ndipo sadziwa chimene chili m'kati. Muuzeni pa foni musanapite: "Bwana, ndibwera ndi flashi yanga, ndipempha theka la ola ndiyese makinawa, zikakhala bwino ndilipira pomwepo." Wogulitsa wachilungamo savuta. Amene akuti alibe nthawi, kapena akuti kompyutayo ili kwina mutumize kaye ndalama pa foni, wakuyankhani kale. Pitani nthawi imene magetsi alipo, ndipo ngati n'kotheka tengani mnzanu.

Pa flashi ikanipo mapulogalamu asanu awa, onse ndi aulere ndipo ndi aang'ono: GPU-Z, CPU-Z, CrystalDiskInfo, HWMonitor ndi FurMark. Atengeni pa masamba a eni ake. Gwiritsani ntchito anuwo, osati amene mwawapeza pa kompyutapo.

Yambani kompyuta ili yozima, muiyatse nokha. Ya SSD yabwino imafika pa Windows m'masekondi ochepa. Mverani phokoso: fani yokhulana kapena kulira kwa "tiki tiki" si zabwino.

Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager, mupite pa Performance. Pa CPU muwerenge dzina lonse la purosesa. Pa Memory muone kukula kwa RAM, ndipo m'munsi pomwe alemba Slots used muone ngati timatabwa tili tiwiri. Pa Disk muone ngati alemba SSD kapena HDD. Yerekezani ndi zimene analemba potsatsa, chimodzichimodzi. Kenako tsegulani CPU-Z mutsimikize kuti ikunena zomwezo, chifukwa dzina looneka mu Windows munthu wodziwa akhoza kulisintha.

Tsopano GPU-Z. Alipo makhadi abodza, makamaka olembedwa GTX 1050 Ti, amene m'kati mwake ndi GTS 450 ya 2010 yosinthidwa dzina. Windows imakhulupirira dzina labodzalo. GPU-Z ikawazindikira imalemba FAKE kutsogolo kwa dzina. Ngakhale isanalembe, yang'anani pomwe palembedwa Shaders. GTX 1050 Ti yeniyeni ili ndi 768, GTX 1650 ili ndi 896, GTX 1660 Super ili ndi 1408, RX 580 yeniyeni ili ndi 2304, RX 6600 ili ndi 1792, ndipo RTX 3060 ili ndi 3584. Lembani nambala ya khadi limene mukukagula pa pepala lanu lija musananyamuke. Onaninso Memory Size kuti mudziwe ngati ndi 6GB, 8GB kapena 12GB. Chizindikiro china chosavuta: khadi la dzina latsopano lokhala ndi pulagi ya buluu ya VGA kumbuyo ndi lokayikitsa, popeza makhadi a magemu kuyambira m'badwo wa GTX 1050 Ti sabwera nayo kawirikawiri.

CrystalDiskInfo ikuuzani za thanzi la SSD kapena hard disk. Good ya buluu ndi bwino. Caution yachikasu kapena Bad yofiira, disikiyo ili pafupi kufa, asinthe kapena atsitse mtengo. Onaninso Power On Hours, maola amene disikiyo yakhala ikuyaka. Chaka chathunthu chili ndi maola 8,760. Akakuuzani kuti kompyuta ndi yatsopano koma pakuoneka maola 15,000, mwadziwa kuti china chake m'katimo n'chakale.

Chomaliza ndiye chachikulu. Tsegulani HWMonitor muisiye pambali, kenako yambitsani FurMark pa 1080p. Pulogalamu imeneyi imalemetsa khadi mpaka pamapeto a mphamvu zake. Isiyeni mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, musafupikitse ngakhale wogulitsa ayambe kuyang'ana wotchi. Mavuto ambiri saoneka m'mphindi ziwiri zoyamba, amadikira kuti zipangizo zitenthe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa nthawiyi yang'anani zinthu zinayi. Kutentha kwa khadi kukhazikike pansi pa madigiri 85. Kukamakwerabe kupitirira 90, mafuta oziziritsa anauma kapena fani yatopa. Mafani onse a khadi azizungulira, suzumirani muone ndi maso. Pa sikirini pasaoneke timadontho tachilendo, mizere, kapena kuthwanima, chifukwa zimenezo zimasonyeza kuti khadi likufa ndipo silikonzeka mophweka. Ndipo kompyuta isazime kapena kuyambiranso yokha. Ikazima, mwina power supply ndi yofooka kapena china chikutentha kwambiri. Musamvere zoti "ndi Windows chabe, tiikamo ina". Isiyeni.

Ikapambana FurMark, seweranipo gemu yeniyeni ngati ilipo, mphindi zisanu zokha. Lowetsani flashi yanu m'mapulagi onse a USB, kutsogolo ndi kumbuyo. Yesani mahedifoni. Funsani ngati ili ndi WiFi, chifukwa makompyuta ambiri a patebulo alibe, ndipo ngati intaneti yanu ndi ya hotspot ya pa foni mudzafunika kachipangizo ka USB.

Pa ya ex-UK onjezani ziwiri. Izimitseni, poyatsa dinani F2 pa Dell, F10 pa HP, kapena F1 pa Lenovo kuti mulowe mu BIOS, zosankha zoyambira za kompyuta zimene zimabwera Windows isanatseguke. Ikafunsa pasiwedi, ndiye kuti ofesi imene inkaigwiritsa ntchito inaikiya, ndipo simudzatha kusintha zinthu monga Secure Boot. Wogulitsa aichotse musanalipire. Kenako mu Windows dinani batani la Windows ndi R, lembani tpm.msc, muone ngati pakuoneka 2.0.

Ngati mukugula kutali, kudzera mwa m'bale wa ku Johannesburg kapena ku Britain, mutumizireni gawo lino achite zomwezi, kapena wogulitsa achite pa vidiyo inu mukuonera. Werengeraninso mtengo wonyamulira ndi msonkho wa pachipata musanaganize kuti mwapeza yotsika mtengo, ndipo kumbukirani kuti waranti ya sitolo ya kunja imafuna kuti katunduyo abwerere komweko. Ikamabwera pa basi, khadi alichotse alikulunge palokha. Likasiyidwa m'kati limagwedezeka ulendo wonse mpaka kuthyola mpata wake pa motherboard.

8. Risiti

Pa risiti alembe dzina la purosesa, dzina la khadi, kukula kwa RAM ndi SSD, nambala ya siriyo ya bokosi ndi ya khadi, tsiku, ndi masiku a waranti. "Ikavuta mudzabwere" ya pakamwa siigwira. Pa ya kaunjika pemphani mwezi umodzi kapena itatu yolembedwa. Jambulani m'kati mwa bokosi ndi foni musanachoke, kuti mukadzaibweza kukakonzetsa mudzadziwe ngati zipangizo zabwerera zomwezo. Kunenerera mtengo chitani mutayesa, chifukwa pamenepo muli ndi zifukwa zogwirika: RAM kamodzi, disiki ya maola ambiri, WiFi palibe.

9. Mukafika nayo kunyumba

Musanalowetse pulagi pakhoma, yang'anani kumbuyo kwa power supply. Zina zakale, makamaka zochokera ku America, zili ndi kaswichi kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Magetsi a ku Malawi ndi a 230V. Kakakhala pa 115 mukayatsa, imaphulika nthawi yomweyo. Yochokera ku South Africa imabwera ndi pulagi ya mano ozungulira; gulani chingwe china cha mano atatu amakona ngati cha ketulo, osati kukakamiza ndi adaputa yogwedera.

Magetsi akathima mwadzidzidzi amatha kuononga mafayilo a Windows, koma choopsa kwambiri ndi pamene akubwerera, chifukwa nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira. Chochepetsetsa gulani chotetezera chonga chija timaika pa firiji, chimene chimadikira kaye chisanalole magetsi kudutsa. Chabwino koposa ndi UPS, bokosi la batire losunga magetsi. Pa UPS amalemba VA, ndipo VA si mawati: ya 650VA imanyamula mawati pafupifupi 360 mpaka 390. Kompyuta ya Ryzen 5 5600 ndi RX 6600, pamodzi ndi sikirini, imatha kufika pafupi ndi mawati 300 gemu ili m'kati, choncho ya 650VA ili pamalire. Tengani ya 1000VA kapena kuposa. Ntchito ya UPS ndi kukupatsani mphindi zochepa zoti musunge gemu ndi kuzimitsa bwino, osati kumaliza mpikisano. Ikayamba kulira, zimitsani. Ngati mumagwiritsa ntchito sola kapena jenereta, invetala ikhale yolembedwa pure sine wave. Nyengo ya mvula, mabingu akayamba, zulani pulagi pakhoma, kuzimitsa swichi kokha sikuletsa mphezi.

Cholakwika chimene ndachikonza kambiri ndi cha chingwe cha sikirini. Kumbuyo kwa bokosi kuli malo awiri olowetsa HDMI: m'mwamba pafupi ndi mapulagi a USB, ndi m'munsi pa khadi. Lowetsani m'munsi, pa khadi. Mukalowetsa m'mwamba, sikirini ikhala yakuda, kapena gemu iyenda modukiza khadi lanu litangokhala. Ngati sikirini yanu ndi ya 75Hz, 144Hz kapena kuposa, ndiye chiwerengero cha zithunzi zimene imaonetsa pa sekondi, pitani pa Settings, Display, Advanced display, musankhe nambala imeneyo nokha, chifukwa Windows nthawi zambiri imayamba pa 60. Madalaiva a khadi tengani pa tsamba la NVIDIA, kapena la AMD ngati khadi lanu ndi la RX.

Bokosi musaliike pansi pa simenti pomwe tsache limadutsa, liikeni patebulo, kumbuyo kwake kutalikirane ndi khoma. Miyezi ya fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, tsegulani chitseko kamodzi pamwezi mupemerere fumbi ndi bulowa, kompyuta itazulidwa pakhoma, mutagwira mafani ndi chala kuti asazungulire.

Za bando konzekerani. Gemu imodzi yaikulu imadya 100GB, ndipo zosintha zake zimabwera pafupipafupi. Mu Steam muli njira yosungira gemu pa hard disk yakunja n'kuibwezeretsa pa kompyuta ina. Ngati mnzanu ali ndi gemu imene inunso munagula pa akaunti yanu, kapena yaulere monga Counter-Strike 2, koperani mafayilo kwa iye, Steam ingotsitsa zochepa zotsala. Magemu obedwa amene ena amadzaza m'makompyuta ngati banyira amabwera nthawi zambiri ndi mavairasi obera mapasiwedi. Ngati mwagula ya kaunjika kapena yolumikizidwa m'sitolo, ikaninso Windows mwatsopano tsiku loyamba, musanalowetsemo imelo yanu kapena akaunti ya Steam.